Kapulana Imene Ndinabisa

Mphuno yanga inasiya kumva fungo mu Juni, chaka chimene matenda a korona anavuta kuno ku Lichinga. Sindinadwale kwambiri. Thupi linatentha masiku anayi, ndinatsokomola sabata imodzi, kenako ndinadzuka. Koma m'mawa wina ndikusamba ndinaika sopo pamphuno, osamva kanthu. Ndinayesa mankhwala otsukira mano, ndinayesa makala a m'mbaula. Zonse zinali ngati madzi.

Ndimaphunzitsa biyolojiya ku sekondale. Chaka chilichonse ndimajambula mphuno pabolodi n'kufotokozera ana kuti fungo ndi tizidutswa tosaoneka timene timachoka pa chinthu, n'kuuluka, n'kukamatirira mkati mwa mphuno. Ndinkadziwa chimene chandichitikira, ndinkadziwanso kuti kwa anthu ambiri mphuno imatseguka pakapita nthawi. Choncho sindinade nkhawa.

Mkazi wanga ndiye anaisandutsa nkhaniyi masewera. Tinali titakhala m'banja zaka ziwiri ndi theka, m'nyumba ya zipinda ziwiri ku Sanjala. Iye anali Myao wa ku Chiuaula, Msilamu. Ine ndine Mkhristu, mwana wa anthu amene anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo n'kubwerera ndili kumsana. Aliyense anakhalabe m'chipembedzo chake. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ankandikhazika pampando, iye atafunda kapulana, chitenje cha kuno, m'mapewa chifukwa cha chisanu.

"Tsinzinani, Profesoro. Ichi n'chiyani?"

"Ndimu."

"Mwaonera."

"Sindinaonere, ndangolota."

"Chabwino. Nanga ichi?"

"Adyo."

"Sokosi yanu ya dzulo iyi. Mulungu wakukomerani mtima, wakupulumutsani ku mapazi anu omwe. Ine ndiye ndatsala nawo ndekha."

Tsiku lina anandisiyira nyemba pamoto n'kupita kwa aneba. Ndinakhala pambali pa mbaula ndikuchonga mayeso a ana. Ndinangomuona akulowa pageti mothamanga, patapata imodzi ili m'manja.

"Anthu a kutali ku Assumane amva kale kuti kuno nyemba zapserera, inu muli pompa!"

Anaphula mphika, anauyang'ana, anandiyang'ana ine. Anati, "Kuyambira lero mphuno yanu ndine. Musadye kanthu ndisananunkhize."

Iye mphuno yake inali yakuthwa kwambiri. Ankadziwa kuti mvula ikubwera kumwamba kuli koyera. Chimene ankadana nacho kwambiri ndi palafini, amene kuno timati petrolyo. Magetsi akazima ankayatsira nyali panja, n'kusamba m'manja kawiri, ndipo magetsi akangoyaka nyaliyo inkasowa m'nyumba nthawi yomweyo. Kumene ankaiika sindinafunsepo.

Anamwalira mu Julaye. Anali ndi pakati pa miyezi iwiri, koma mimbayo inakhala panjira m'malo mokhala m'chiberekero. Inaphulika Lachiwiri masana akuchapa. Lachitatu m'mawa anatisiya kuchipatala, ndipo tinamuika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, monga mwa Chisilamu. Amene anamusambitsa ndi amayi a kwawo. Anafukiza ubani m'nyumba monse. Ndinaima mu utsiwo maso akundiwawa, anthu akutsokomola, ine osamva kanthu. Za tsiku limenelo ndilekera pomwepa.

Anthu atabalalika ndinayamba kuona zimene zanditsalira. Nkhope yake inali pa zithunzi. Mawu ake anali mufoni, m'mauthenga ondituma tomato ndi makala. Nditatsinzina ndinkatha kumuona akuyenda, ndinkatha kumumva akuseka. Koma fungo lake linakana kubwera. Ndinkadziwa zimene zinkapanga fungolo: mafuta a kokonati amene ankadzola m'tsitsi, utsi wa nkhuni za paini, ubani wa Lachinayi madzulo, ndi chinachake cha thupi lake chimene chilibe dzina. Kutchula zinthu zimenezi sikunandithandize. Munthu sangaitane fungo m'mutu ngati mmene amaitanira nkhope kapena nyimbo. Limafunika libwere lokha kuchokera kunja. Zimenezi ndinali ndisanaziphunzitsepo m'kalasi, chifukwa ndinali ndisanazidziwe.

Fungolo linali litatsala m'zovala zake mokha, ndipo ine ndinalibe mphuno.

Pa sadaka ya tsiku lachisanu ndi chiwiri, mlamu wanga, mkulu wake wa mkazi wanga, anandiitanira pambali n'kundiuza mwambo wa kwawo. Pa tsiku la makumi anayi, limene iwo amati arubaini, mapemphero akatha amayi amatulutsa zovala zonse za malemu, amazichapa, n'kuzigawa kwa abale. M'nyumba ya mwamuna simutsala kanthu kamene kali ndi thukuta la womwalirayo. Akatero amamusudzula mwamunayo kuti akhale womasuka.

"Zonse?" ndinafunsa.

"Zonse, alamu. Ngakhale duku. Mpaka tsikulo musakhudze kanthu, muzingotseka chitseko."

Ndinawerenga masiku otsala. Ndinkadziwa anthu amene mphuno zawo zinatseguka patapita masabata atatu, ndi ena amene anatha chaka. Yanga inali itatha kale mwezi ndi theka.

Kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kunali msomali, ndipo pamsomalipo panali kapulana ija ankafunda m'mawa, yobiriwira yokhala ndi makiyi achikasu. Anaikoleka pamenepo Lachiwiri lija asanayambe kuchapa. Inali isanaone madzi kuyambira pamene chisanu chinayamba, chifukwa ankati akaichapa afunda chiyani mawa lake. Inkakhudza khosi lake ndi tsitsi lake tsiku lililonse. Ndinaiika kumaso, ndinamva kufewa kwa nsalu yakale, basi.

Apa ndi pamene sukulu yanga inalowererapo. Ndinadziuza kuti fungo limauluka, ndipo nsalu ikakhala pamsomali masabata angapo lidzatha lonse. Inkafunika kutsekeredwa malo osalowa mpweya. Jumbo imabooka. Sutikesi amayi aja adzaitsegula. Ndinapita m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, mosungira makala ndi makasu, mmene sindinkalowalowa chifukwa munali mwa mkazi wanga. Pakona panali ndowa yoyera ya pulasitiki, imene kale munali penti, ya chivindikiro chothina chija chimene chimalira ukachitseka. Inali yopanda kanthu. Ndinapita nayo padzuwa, ndinasuzumira mkati. Munali moyera, mouma. Ndinaipukuta ndi kansalu kouma. Ndinaganiza zoitsuka ndi sopo, koma ndinaleka poopa kuti fungo la sopo lingalowe m'kapulana. Ndikukumbukira kuti ndinadziona wochenjera poganiza zimenezi.

Ndinapinda kapulanayo kanayi, ndinaiika mkati, ndinatseka, ndinazunguliza tepi pachivindikiro. Ndowayo ndinaibisa kuseri kwa matumba a makala.

Tsiku la arubaini linafika kumapeto kwa Ogasiti, mphepo ya fumbi lofiira itayamba. Amuna anapemphera pabwalo, anthu anadya mpunga ndi nyama ya mbuzi. Kenako amayi analowa kuchipinda n'kuyamba kutulutsa zovala, kuziunjika pamphasa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mabeseni a madzi. Ine ndinakhala ndi amuna kumaso.

Pasanapite nthawi mlamu wanga anabwera. "Amayi akukufunani."

Ine ndi apongozi anga tinali tisanakhalepo pansi kuti ticheze. Kwathu ndi kwawo komwe, mkamwini ndi apongozi aakazi amapatsana ulemu potalikirana. Tikakumana panjira mmodzi ankapatuka, moni tinkapatsana chapatali. Ndi mayi wamng'ono thupi, wolima nyemba, wosalankhulalankhula. Ndinawapeza atakhala pamphasa pambali pa mulu wa zovala, atatembenukira kumpanda. Apongoziwo anali atauza amayi ena aja kuti apite kumaso. Ndinanjuta patali pang'ono.

"Bambo," anatero osandiyang'ana, "kapulana yobiriwira ija ya makiyi sitikuiona."

"Mwina anapatsa munthu, amayi."

"Sanapatse munthu. Ndinamugulira ndine, ndipo Lolemba lija anabwera kwathu ataifunda."

Mlamu wanga anaima manja ali m'chiuno. Ndi munthu wanthabwala, ndipo ngakhale pamaliro pakamwa pake sipatsekeka. "Alamu, mwapatsa kale wina? Masiku makumi anayi okha? Mutiuzetu, tikamuone ngati ikumukhala."

"Khala chete iwe," anatero mayi ake.

Sindinathe kunamanso. Ndinapita kukatenga ndowa ija, ndinaiika pakati pathu, ndinabwerera pamene ndinanjuta. Ndinafotokoza zonse, za mphuno, za tizidutswa touluka, za chivindikiro. Ndinkadzimva ndekha kuti ndikulankhula ngati ndili kutsogolo kwa kalasi, koma njira ina yolankhulira ndinalibe. Pomaliza ndinati, "Ndikungopempha kuti ndidzamve kamodzi kokha. Ndikadzamva ndidzabweretsa."

Apongozi anga anaikokera ndowayo pafupi. Anamatula tepi ndi chikhadabo, anatukula chivindikiro pang'ono, anaweramira. Mlamu wanga, amene anali chapatali, anakwinya nkhope.

"Amayi, koma..."

Mayi ake anamudula ndi mawu awiri a Chiyao, achidule ndi akuthwa. Ine ndinaganiza kuti mlamuyo akukana zophwanya mwambo.

Apongozi anga anatseka chivindikirocho, anachikanikiza ndi chikhatho mpaka chinalira. Anakhala nthawi yaitali dzanja lili pomwepo, akuyang'ana mulu wa zovala.

"Sungani," anatero. "Mphuno ikadzatseguka mudzabwere nayo kwathu. Anzangawa ndiwauza kuti inatayika kuchipatala."

Ndinawomba m'manja, ndinanyamula ndowa. Ndikuibweza kuseri kwa makala ndinamva madzi akukhuthulidwa m'mabeseni. Ndinawathokoza mumtima, komanso ndinawachitira nsanje. Ndinkati iwo amumva mwana wawo, ine ayi. Madzulo a tsiku limenelo zovala zonse zinali pachingwe, zikudontha, ndipo mawa lake zinapita.

Miyezi itatu yotsatira ndinakhalira ndowa imeneyo. Chakudya chinalibe kukoma, ndinkangosiyanitsa chamchere ndi chotsekemera, chotentha ndi chozizira. Kawiri ndinadya ndiwo zosasa osadziwa, n'kudwala m'mimba. M'mawa uliwonse ndinkakhala pampando uja, ndimu, adyo ndi khofi zili patebulo, n'kutsinzina, n'kumanunkhiza chimodzichimodzi. Panalibe wondinamiza ndi sokosi. Ndikachoka apo ndinkapita m'kachipinda ka makala kukaona ngati tepi idakali bwino. Sindinatsegulepo. Ndinkaopa kuti kutsegula kulikonse kutaya fungo limene sindingalibwezerenso.

Mu Okutobala ndinafika pa mutu wa ziwalo zomvera, monga chaka chilichonse. Ndinafunsa kalasi kuti atawauza kutaya chimodzi mwa zisanuzo, angataye chiti. Onse anakuwa kuti mphuno, ena akuseka, akuloza kuzimbudzi. Ndinalemba yankho lawo pabolodi n'kupitiriza phunziro.

Ndi kuzimbudzi komweko kumene mphuno yanga inatsegukira, kumapeto kwa Novembala. Ndinkadutsa kuseri kwake popita ku ofesi, ndipo chinachake chinandigunda pang'ono, ngati munthu wokukodola pagulu. Ndinaima. Ndinabwerera m'mbuyo mapazi atatu. Linali fungo la mkodzo, lochepa, ngati lochokera kutali. Ndinaima pamenepo mpaka belu linalira, mabuku ali m'khwapa.

Sindinathamangire kundowa. Ndinadikira masabata ena atatu kuti mphuno ikhwime. Adyo anabwera poyamba, kenako utsi, kenako ndimu. Tsiku limene ndinamva mafuta a kokonati pamutu pa mayi wina mu minibasi ndinatsika ndisanafike, ndinayenda wapansi. Ndinadziwa kuti nthawi yakwana.

Linali Loweruka m'mawa, mu Disembala, mvula itagwa m'bandakucha. Ndinasamba madzi okha opanda sopo. Sindinayatse moto. Ndinalowa ndi ndowa kuchipinda, ndinatseka chitseko ndi zenera, ndinakhala pabedi. Ndinamatula tepi.

Chimene chinatuluka ndi palafini.

Linali fungo lamphamvu moti maso anachita misozi. Ndinatulutsa kapulana, ndinaitambasula, ndinanunkhiza pakati, m'mphepete, m'makona onse anayi, pamene pankakhudza khosi. Palafini. Ndinaiyanika pamthunzi ola lathunthu, ndinayesanso. Palafini yemweyo, ndipo pansi pake panalibe china chilichonse.

Nditakhala pakhonde ndinazindikira kumene nyali ija inkapita magetsi akayaka. Mkazi wanga ankaitsekera m'ndowa imeneyi pamodzi ndi botolo la palafini, kuti fungo lisafike pa ufa ndi pa zovala. Anasankha ndowayo pa chifukwa chomwe ndinaisankhira ine. Pamaliro amayi anatulutsa nyali ndi botolo kuti aziunikira panja, ndipo sizinabwererenso. Pulasitiki inali itamwa palafini wa zaka ziwiri. Munthu aliyense wa mphuno akanadziwa asanatsegule n'komwe. Ine ndinayang'ana ndi maso, maso anandiuza kuti ndi yoyera.

Kenako ndinakumbukira nkhope ya mlamu wanga tsiku la arubaini, ndi mawu awiri a Chiyao aja.

Ndinabwezera kapulana m'ndowa, ndinayenda wapansi mpaka ku Chiuaula, matope ofiira akumatirira kunsapato. Ndinapeza apongozi anga pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Mlamu wanga anali pakhomo la khitchini. Atangoona ndowa analowa mkati osanena nthabwala iliyonse. Ndinanjuta pabwalo. Tinapatsana moni wonse, wa thupi, wa kunyumba, wa kuntchito.

"Yatseguka," anatero apongozi anga.

"Yatseguka, amayi."

Anapitiriza kusankha nyemba.

"Munadziwa," ndinatero.

"Ndinadziwa mukutuluka nayo m'kachipinda muja. Ndowa ya nyali ndinkaidziwa."

"Bwanji simunandiuze?"

"Tsiku lija munali ngati munthu amene ali pakati pa ulalo wa mtengo umodzi. Wotero sumuitana."

Ndikanatha kulandira yankho limenelo n'kubwerera kwathu. Koma njira yonse ndinkaganiza chinthu chimodzi, ndipo ndinachinena, ngakhale si mmene mkamwini amalankhulira ndi apongozi.

"Zovala zina zinali pamphasa pambali panu, amayi. Zinali zisanalowe m'madzi. Mukanandiuza, ndikanatenga duku limodzi n'kuliika pabwino."

Anaika lichero pansi. Kwa nthawi yoyamba chikwatirireni mwana wawo, anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso.

"Inde. Ndinaziganiza zimenezo, dzanja lili pachivindikiro."

"Ndiye?"

"Thukuta la mwana wanga silikanatsala m'nyumba mwanu, bambo. Mukanakhala nalo mpaka imvi, mukutsegula ndi kutseka. M'ndowa umo munalibe mwana wanga. N'chifukwa chake ndinakulolani kusunga."

Anapitiriza akundiyang'anabe.

"Mukuganiza kuti ine ndinasiyako kanthu? Zonse zija ndinachapa ndi manja awa. Ine mphuno ndinali nayo. Chovala chilichonse ndinkachimva ndisanachiviike."

Anatenganso lichero, anatembenukira kumbali monga kale. Anaitana mlamu wanga kuti adzatenge ndowa. Ndinamva madzi akuthiridwa m'beseni kuseri kwa nyumba. Apongozi anga ananena mawu ondisudzula pomwepo, mwachidule, kuti banja lawo lilibe nane mangawa, kuti ndine womasuka, kuti pakhomopo ndizifikabe. Ndinawomba m'manja. Anandipatsa nyemba m'kathumba kuti ndinyamule.

Mpaka lero sindidziwa ngati anandichitira chifundo kapena anandipusitsa. Masiku ena ndimawakwiyira. Ndimapitabe kukawaona pa Idi, ndipo za ndowa sitinazitchulenso.

Mlamu wanga anandiuza kuti kapulanayo anaichapa katatu, fungo osachoka, mpaka anaisandutsa nkhata yosenzera madzi. Mafuta a kokonati ndimawamva pa anthu ena, utsi wa paini uli paliponse m'tauni muno, ubani ndimaumva ndikadutsa pamzikiti. Palibe chimene chimandibweretsera mkazi wanga. Koma magetsi akazima madzulo, aneba a kuseri kwa mpanda amayatsa nyali, ndipo fungo la palafini limadutsa pamwamba pa mpandawo n'kulowa pazenera. Ndikangolimva ndimaona makiyi achikasu pansalu yobiriwira, ndi khosi lake. Fungo limene ankadana nalo kuposa onse ndi limene latsala m'malo mwake. Zenera sinditseka.